Chotuluka Chimaonekera Cham'mbali

Mlongo wanga anthu a mumsewu wathu amamutcha a Chingwe, ndipo iye amayesa ndi ulemu. Dzinali linabwera ndi ntchito yake. Amagwira ku ofesi yoyang'anira zomangamanga m'tauni, ndipo m'thumba la jekete lake simusowa chingwe chokhala ndi kachitsulo kosongoka kunsonga. Kudzanja amanyamula kachitini ka penti wofiira ndi burashi. Akafika pamsewu amaima pakona pa nyumba, tsaya n'kuligunditsa kukhoma, diso limodzi atatsinzina ngati munthu wofuna kulasa mbalame ndi legeni. Chilichonse chimene chadumpha mzere n'kulowa mumsewu, kaya ndi sitepe, kaya ndi denga, kaya ndi chikwangwani, amachipaka mtanda wofiira. Chikapakidwa mtanda ndiye kuti chatha, amuna a nyundo amabwera kudzagumula.

"Chotuluka sichioneka ukachiyang'ana maso ndi maso," amatero iye kwa aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. "Chimaonekera cham'mbali. N'chifukwa chake nonsenu ndinu akhungu. M'tauni muno diso ndi limodzi, ndi ili."

Ine ndine mkulu wake. Ndinamubereka kumsana ameneyu, mamina ake ndinapukuta ndi nsalu yanga, lero akuti diso. Sukulu ine ndinangoinunkhiza, ndinathawa aphunzitsi asanandiloweze nkhope. Ndinabwera kudzakhala pakhomo pake mlamu wanga atamwalira, kuti ndizimuphikira ndi kumukumbutsa kuti naye anayendapo wopanda kabudula.

Ana anali nawo awiri. Wamkulu, wamwamuna, anasiya sukulu n'kuyamba kuyendetsa magalimoto a katundu. Tsiku lomwe a Chingwe anamva, anatsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu, analongedzamo zovala za mwanayo, anachiika panja n'kumenyetsa chitseko. Mpaka lero dzina lake silitchulidwa patebulo. Zikwamazo zinali ziwiri zofanana. Chinacho chinatsala pamwamba pa wadiropu pomwepo, ndipo tonse m'nyumbamo tinkachidziwa bwino.

Wotsalayo ndi wamkazi, mtsikana wamkulu ndithu, sukulu anamaliza, zaka zokwatiwa zinamukwana kale. Bambo ake amamutcha Digiri. Ankafuna kuti akapuma ntchito, chingwe chija chisapite kwa mlendo, ndiye anamupezera intaviyu ku ofesi kwawo. Akuti kumeneko munthu sangalowe ngati sadziwa kutchula m'Chingerezi mitundu yonse ya zinthu zotuluka. Ine ndinkayesa chinthu chikatuluka chatuluka basi, umangochilambalala kuti chisakung'ambire diresi. Kani Azungu anali ndi nthawi. Anakhala pansi n'kuzigawa mayina ngati ana.

Madzulo aliwonse a Chingwe akaweruka, tiyi asanazizire, sukulu inkayamba. Iwo kuno, Digiri uko, tebulo pakati, dikishonale itaimikidwa potsamira botolo la shuga. Ine ndinkakhala pakhomo la khitchini ndi mbale yanga ya mpunga, kusankha miyala, makutu ali tcheru.

"Msomali watuluka m'thabwa. Chingerezi chake?"

"Pulotirudi, adadi."

"Wakhoza. Lilime latuluka m'kamwa?"

"Pulotirudi."

"Mano a azakhali akowa?"

"Adadi!"

"Yankha, ku intaviyu kulibe manyazi."

"Pulotirudi," anatero mwana womvetsa chisoniyo, maso ali pansi.

"Manowa anatuluka kudzakufunani inu, achimwene," ndinatero. "Akudikira tsiku lokulumani."

Anangopitiriza mafunso awo. Akakhala pa Chingerezi samva Chichewa.

"Denga lapitirira khoma, pansi pake palibe chogwira, pali mphepo yokha?"

"Ovahang'i."

"Mwala kapena ngodya ya nyumba yotuluka mwamwano, yosongoka, yofuna kukugunda bondo?"

"Jati."

"Khonde limene mwini wake analitulutsa dala, atajambula ndi kujambula?"

"Pulojekiti."

"Wakhoza! Tsopano tchera khutu, apa ndi pamene amagwera ambiri. Khoma lamwa madzi, lafufuma pakati ngati buledi."

"Baluji."

"Kusiyana kwake ndi pulotirudi?"

"Cha pulotirudi chimasuzumira kunja, ngati msomali. Cha baluji chimatupa mozungulira, chifukwa china chake chikukankha m'kati."

"Ndiye ukapeza baluji, umaitana nyundo?"

"Ayi, adadi. Baluji samenya ndi nyundo, nyumba yonse ingagwe. Amaichirikiza."

A Chingwe anamenya tebulo ndi chisangalalo mpaka supuni zinadumpha. "Mwamva, achemwali? Mutu uwu! Magazi anga awa!"

"Ndamva," ndinatero. "Nanga chimimba chanucho, chili gulu liti? Chinafufuma ngati buledi, pansi pake pali mphepo yokha, ndiponso munachitulutsa dala ndi mowa. Chatenga mayina onse chokha."

"Ichi ndi udindo," anatero akuchisisita.

Tsopano mvetserani. Nyengo imeneyo kunkatentha moti agalu ankagona malilime ali kunja, pulotirudi yeniyeni. Koma Digiri ankavala chijasi chakale cha bambo ake, chija cha kuntchito chofika m'mawondo, m'mawa mpaka madzulo. Akuti akumva kuzizira. Bambo ake anakondwa nazo. "Akuzolowera yunifomu," anatero.

Ine ndinazindikira tsiku lina m'khitchini. Anavula chijasicho kuti atsuke mbale, kenako anatambasuka kuti atenge poto pa shelefu yapamwamba. Ine ndinali pambali pake. Sindinasowe chingwe, sindinatsinzine diso. Ndinangoti, "Iwe, tatseka chitsekocho."

Anatseka. Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kulira kulira kwa munthu wotopa ndi kubisa.

"Ndi ndani?"

"Wowotcherera."

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi. Mundikhululukire, sunali mtima woipa. Kumunsi kwa msewu wathu kuli mnyamata wowotcherera zitsulo, wamanja akuda, wosayankhulayankhula. Timadenga ta pakhomo, zikwangwani zolendewera, zitsulo za m'mawindo zija zotupa ngati mimba, zonse mumsewumo amapanga ndi iyeyo. Kunena zoona, chilichonse chimene a Chingwe amapaka mtanda chimakhala chochokera m'manja mwake. Mmodzi amatulutsa, wina amagumula, amadyetsana osadziwa. A Chingwe amamutcha fakitale ya milandu. Mnyamatayu anabwera kwathu kudzakonza geti, ndipo ndinakumbuka tsopano kuti geti lija linachedwa kuchira. Lero chitsulo ichi, mawa kwatsala penti, mkuja wabwera kudzaona ngati likulira.

"Akuti chiyani iyeyo?"

"Akufuna andikwatire, azakhali. Anabwera kudzaonana ndi adadi, atavala malaya oyera. Asanatsegule pakamwa, adadi anamuuza kuti shedi yake ndi ovahang'i, aigumula. Anabwerera pageti."

Shediyo ndi kadenga ka malata kutsogolo kwa shopu yake. Shopuyo ndi kachipinda kosungira zida basi, ntchito yonse amagwirira pansi pa shediyo. Kuigumula n'chimodzimodzi kumudula manja.

"Adadi akadziwa atsitsa chikwama chija," anatero Digiri. "Ndipita kuti? Kwa munthu amene akumugumulira pogwirira ntchito?"

Ndinayamba ndayesa njira ya anthu abwino. Tsiku lotsatira ndinawapatsa a Chingwe tiyi wa mkaka wambiri, ndinakhala pansi mwaulemu.

"Achimwene, mwanayu mumamuona bwino masiku ano?"

"Funso lanji limenelo? Tsiku lililonse ndimakhala naye maso ndi maso."

"Maso ndi maso," ndinatero.

"Eya, maso ndi maso. Palibe bambo m'tauni muno amene amayang'ana mwana wake ngati ine."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Munthu wophunzitsa tauni yonse kuti chotuluka chimaonekera cham'mbali, mwana wake sanamuonepo cham'mbali. Amamuona kutsidya kwa tebulo, kuyambira pakhosi kupita kumwamba, pamene pamakhala mayankho.

"Nanga tiyerekeze," ndinapitiriza, "mwana wa munthu wina atalakwitsa ndi mnyamata..."

"Chikwama," anatero asanameze tiyi. "Nyumba yanga ili ndi mzere. Wodumpha mzere ali kunja."

Njira ya anthu abwino inathera pomwepo. Ndinabwerera ku njira yanga.

Mumsewu nkhaniyo inali itakalamba kale. Mayi wa saluni ankadziwa, wogulitsa nyama ankadziwa, ngakhale wosoka nsapato amene maso ake amangokhala pansi ankadziwa. Onsewa a Chingwe anawapakapo mtanda: wina sitepe, wina chikwangwani, wina benchi yodikirirapo makasitomala. Akamadutsa ndi kachitini kawo, ankawapatsa moni wa manja awiri, "Mwadzuka bwanji, bwana, kunyumba ali bwanji ana?" Akangokhota, chikhakhali. A Chingwe ankati anthu ayamba kuwalemekeza.

Ndiye madzulo ena iwo eni anandibweretsera mpata m'mbale.

"Mawa tikugumula shedi ya fakitale ya milandu uja," analengeza. "Digiri, upita nane. Za m'buku zakwana, ukaone ndi maso. Uzikatchula chilichonse m'Chingerezi, anthu amve kuti chingwe chili ndi wochilandira."

Digiri anayera milomo. Atalowa m'khitchini ndinamutsatira.

"Upite," ndinatero. "Ndipo ukagwire chingwe ndiwe."

"Azakhali, mukufuna mundiyalutse pamsewu?"

"Msewu uti? Msewu unadziwa iwe usanadziwe. Watsala munthu mmodzi yekha."

"Ndiye ndiwauzire m'nyumba muno."

"M'nyumba muno chikwama chili pafupi. Pamsewu chili patali, pafupi pali manyazi awo. Bambo akowa ndinawalera ine. Njala amapirira, malungo amapirira, koma kuti munthu anene kuti diso lawo laphonya, bola kufa."

"Nanga zikakanika?"

"Zikakanika tikagona tonse pansi pa shediyo, ngati ikhalepo."

Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Anangoti, "Azakhali, inu mudzandiphetsa," n'kumanga mabatani a chijasi mpaka pakhosi.

M'mawa mwake ndinalawirira ku saluni. Mayi ameneyo sitepe yake inagumulidwa, ndipo mpaka lero makasitomala amakwera mu saluni mwake ngati akukwera lole. Pakamwa pake ndi lumo. Ndinamuuza kuti, "Mnzanga, zija mwakhala mukunong'ona, lero ndikakukodola uzinene mokweza. Usasiyeko kanthu. Ndipo ndikakutukwana usakwiye."

"Kodi ndi tsiku langa lobadwa?" anatero akumanga duku.

Dzuwa litakwera tinatsika mumsewu ngati gulu la ukwati. Patsogolo a Chingwe ndi kachitini kawo, pambuyo Digiri m'chijasi thukuta lili kamukamu, kenako amuna a nyundo, nyundo zili pamapewa. Ine kumapeto ndi ambulera, ndati ndikupita kukagula sopo. A Chingwe ankaloza uku ndi uku ndi burashi.

"Icho?"

"Ovahang'i."

"Kweza mawu, amve. Icho?"

"Jati."

"Paipi iyo yasuzumira pakhomayo?"

"Pulotirudi."

"Wakhoza!"

Anthu anayamba kutuluka m'mashopu. Wogulitsa nyama anabwera ndi mpeni uli m'manja, mayi wina anatuluka mu saluni mutu utalukidwa mbali imodzi. A Chingwe ataona khamulo chifuwa chinatuluka kupitirira mimba, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

Wowotcherera tinamupeza ataima pansi pa shedi yake, magalasi akuda ali pachipumi. Zida anali atalowetsa kale m'kachipinda. Anapereka moni, "Mwadzuka bwanji, abambo," koma abambowo anayankha ndi mphuno.

"Lamulo silimagumula mwachisawawa," a Chingwe anauza khamulo. "Timayamba tayeza, aliyense aone. Pakufunika munthu woima pakhomapo, agwire chingwe pamzere."

Mmodzi wa amuna a nyundo anaponya phazi, koma ine ndinamutchinga ndi ambulera.

"Achimwene, chingwe cha banja mungapatse mlendo, wochilandira ali pomwepa?"

"Mwayankhula zanzeru kamodzi, achemwali. Digiri, ima apo. Msana kukhoma. Chingwe uchigwire pachibwano, chilendewere."

Digiri anaima. A Chingwe anapita pakona pa shopu, anagunditsa tsaya kukhoma, anatsinzina diso. Anasuntha pang'ono. Anang'ung'udza.

"Chijasicho chikunditchinga, sindikuona mzere. Vula."

Ine ndinali nditakonza mabodza angapo oti chijasicho chivulidwe, koma sindinagwiritse ntchito ndi limodzi lomwe. Mulungu amakonda nthabwala kuposa ine.

Digiri anandiyang'ana. Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga malata. Anayang'ana bambo ake, amene ankaoneka theka la nkhope lokha kuseri kwa khoma. Kenako anamasula mabatani mmodzimmodzi, osafulumira. Anavula chijasicho, ndipo sanandipatse ine amene ndinali nditatambasula kale dzanja. Anadutsa dzanja langa n'kuchipereka kwa Wowotcherera. Mnyamatayo anachilandira ndi manja awiri, anachipinda bwinobwino n'kuchikumbatira pachifuwa. Amene anali asanadziwe mwini katundu anadziwira pomwepo.

Digiri anabwerera pakhoma, anaimirira njo, chingwe pachibwano. Chingwecho chinatsika bwinobwino mpaka pachifuwa, kenako chinakwera phiri, n'kukalendewera kutsogolo, kachitsulo kakuzungulira pamwamba pa zala za kumapazi.

Maso a msewu wonse anali pamimba pake.

A Chingwe anatsegula diso linalo. Analitsinzinanso. Anasinthana, kutsinzina lakumanja n'kuyesa lakumanzere, ngati mwina loyambalo lawonongeka. Anachotsa tsaya pakhoma, laimu atawayeretsa mbali imodzi ya nkhope. Burashi inali ikudontha penti pa nsapato yawo yopolishidwa, dontho, dontho, iwo osamva. Ndinaona khosi lawo likufufuma, ndipo ndinadziwa liwu limene linali kukwera mmenemo. Linali chikwama.

Ndinakodola mayi wa saluni.

"Aaa! Anthuni!" anakuwa, manja ali m'chiuno. "Ndiye kuti sanaone! Miyezi yonseyi! Sitepe yanga yaing'ono ngati chikhatho anaiona ali kutsidya kwa msewu, koma ichi, chimene amadya nacho tebulo limodzi, ayi! Diso la tauni! Bwezani sitepe yanga, inagumulidwa ndi wakhungu!"

Anthu anayamba kuseka, poyamba m'mphuno, kenako poyera. Wogulitsa nyama anagwira m'mimba. Amuna a nyundo anayang'anana, ndipo a Chingwe anaona kuyang'anana kumeneko. Amenewo ndi amene amanyamula nkhani kupita nazo ku ofesi, ikafika kumeneko imakhala itamera miyendo.

Pamenepo ndinalumphira pakati, ambulera m'mwamba.

"Tseka pakamwa pako, wopsereza anthu tsitsi iwe! Ukunena ndani kuti wakhungu? Mlongo wanga uyu? Munthu amene amaona msomali uli m'thumba la kalipentala? Iweyo unadziwa liti? Iyeyu anaona mwini wake asanadziwe n'komwe! Anangokhala chete, chifukwa ndi munthu wa sukulu, sayalutsa za m'nyumba mwake ngati inu. Lero wabwera naye dala, kuti aone ngati mumsewu muno muli wina wamaso. Si choncho, achimwene?"

Kuseka kunaima. Maso onse anatembenukira kwa a Chingwe.

Ndinawamvera chisoni pang'ono, pang'ono kwambiri, ngati mchere wa m'tiyi. Njira zinali ziwiri basi. Akati sanadziwe, chikwama atsitsa, koma diso lafa, ndipo mawa aliyense wopakidwa mtanda adzawafunsa za kunyumba. Akati anadziwa, diso lapulumuka, koma munthu sungathamangitse mwana lero pa chinthu chimene wakhala ukuchidziwa n'kumamwa naye tiyi. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Wamkulu wa amuna a nyundo anatsitsa nyundo yake pansi. "Bwana, munadziwa eti?"

A Chingwe anatembenuka. Anayang'ana Digiri. Mwanayo anali akadali chiimire, chingwe pachibwano, misozi ikutsika koma maso osagwetsa. Ndikuganiza kuti kanali koyamba kumuona yense, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kalekale," anatero. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana wa mbuzi. Anatsokomola n'kubwereza ndi mawu a ku ofesi. "Ndinaona kalekale. Mukuyesa chingandidutse ine?"

"Mwamva?" ndinakuwa. "Ndipo anamuphunzitsa ndi kumuphunzitsa mwanayu chochita nacho. Tawauza, mwana wanga, zija adadi amanena patebulo. Chotupa chifukwa china chake chikukankha m'kati, amachitani nacho?"

Digiri anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Baluji samenya ndi nyundo, adadi," anatero, akuyang'ana iwo okha. "Nyumba yonse ingagwe. Amaichirikiza."

Mlongo wanga ali ndi matenda amodzi osachiritsika. Yankho lolondola sangalisiye lidutse. Milomo yake inalimbana, inakana, inapotoka, koma liwulo linatuluka lokha.

"Wakhoza."

Mayi wa saluni, amene ndinali nditangomutukwana, ndi amene anayamba kuwomba m'manja. Wogulitsa nyama anafika pafupi, anapukuta dzanja pa epuloni n'kuwagwira chanza. "Zabwino zonse, agogo." A Chingwe analandira dzanjalo ngati akulandira njoka yakufa.

Koma munthu wogwa amafuna pogwira. Anatembenukira kwa Wowotcherera, maso ali psuu.

"Iwe. Shedi iyi ndi ovahang'i. Zimenezo sizinasinthe."

"Inde, abambo."

"Usanditchule abambo."

"Inde, abambo."

"Yadumpha mzere kuyambira apa." Analemba kamzere kofiira pa lata, osati mtanda. "Udule wekha, lero lomwe. Nyundo zisakhudze, zingawononge malata abwinowa. Ukamaliza usambe m'manjamo, ubwere kunyumba. Uli ndi zoti uyankhe."

"M'Chingerezi, abambo?"

Sindikudziwa ngati mnyamatayo ankafunsa zenizeni kapena ayi. Nkhope yake inali yozizira ngati chitsulo chosawotcha. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumukonda.

Pobwerera palibe amene analoza kanthu. Zotuluka zonse za mumsewu zinapuma. Titalowa m'nyumba a Chingwe anaika kachitini pansi, anavula nsapato yofiira ija, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, ndinu mfiti."

"Ndakutetezani pagulu, mukundithokoza choncho?"

"Munadziwa."

"Tonse tinadziwa, achimwene. Inu ndiye munayamba, kalekale. Mwaiwala?"

Analowa kuchipinda kwawo, chitseko anasiya chotsegula. Digiri anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Kuchokera pamene tinaima tinkawaona ataima kutsogolo kwa wadiropu, manja kumbuyo, mutu uli chagada. Chikwama chija chinali pamwamba pomwepo, ngodya yake imodzi itasuzumira kunja. Anakoka mpando. Anakwerapo, mpando ukulira. Anagwira chikwamacho ndi manja awiri.

Anakhala choncho mpaka ine ndinayamba kuganiza za mmene munthu amagonera pansi pa shedi yodulidwa.

Kenako anachikankhira m'kati mpaka chinagunda khoma. Anatsika, anapita pambali pa wadiropu, anatsinzina diso kuona ngati chalowa chonse. Anatuluka akupukuta fumbi m'manja.

"Chinatuluka," anatero kwa aliyense wofuna kumva. "Chikanagwera munthu." Anakhala patebulo, pamalo pawo. "Tiyi alipo m'nyumba muno kapena nayenso ndimupake mtanda? Digiri, khala pansi, wayimirira kokwanira. Osati uko. Khala apa, pambali panga."

Mwana wamwamuna uja ndimamuganizira nthawi zina. Tsoka lake linali loti kusiya sukulu sikutupa, ndiye panalibe choti msewu uone. Ndinawauzapo a Chingwe zimenezi, anati ndisawasokoneze akuwerenga.

Malata amene Wowotcherera anadula pa shedi yake sanatayike. Mdzukulu atabadwa, mvula inali pakati, matewera osauma. Mkamwini anabwera ndi malata omwewo n'kutikhomera kadenga pamwamba pa khomo lakumaso, kuti tiziyanika pansi pake. Kamzere kofiira kaja kakuonekabe m'mphepete. Kadengako kanapitirira mpanda, kanalowa mumsewu ndithu, moti wamtali akamadutsa amawerama.

Mayi wa saluni anawaimitsa a Chingwe tsiku lina n'kuwafunsa kuti kameneko Chingerezi chake n'chiyani. Anati sanakaone. Ndipo sananame. Masiku ano akamaweruka sadzeranso njira yachidule ya m'mbali mwa mpanda. Amazungulira, amawoloka msewu, amakaima kutsidya moyang'anana ndi geti, kenako n'kubwera molunjika, maso ndi maso ndi nyumba yawo.